Chaka Chimene Mtengo wa Alamu Sunaterere

Alamu anga a Apolinar Jarquín, amene San Cayetano yense amangowatchula kuti a Polo, ntchito yawo ndi kupanga makandulo. Lachisanu lililonse amakatenga mafuta a ng'ombe kumalo ophera nyama, kuwasungunula m'chimphika chachitsulo kuseri kwa nyumba, n'kumaviikamo zingwe. Ndi munthu wamfupi, wonenepa pamimba pokha, ndipo fungo la mafuta linawalowerera m'thupi moti agalu a m'tauni muno amawaperekeza ku Misa n'kuwadikirira pakhomo. Mlongo wanga Fidelina anawalola ali ndi chimfine. Pamene chimfinecho chinkatha n'kuti ansembe atadalitsa kale.

Koma makandulo ndi ongodyerapo. Chimene chinkawayendetsa chifuwa chili patsogolo ndi mtengo woterera. Chaka chilichonse pa tsiku la Kaetano Woyera timazika pabwalo la tchalitchi mtengo wosenda makungwa, wautali ngati amuna asanu ndi awiri ataimirana pamapewa. Pansonga pake timamangirira thumba: chikwanje chatsopano, chipewa, tchizi, botolo la mowa ndi maswiti oponyera anthu. Wofika pamwamba, zonsezo n'zake. Ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wopaka mafuta mtengo umenewo anali a Polo.

Kunena kuti mtengo wa alamu unkaterera n'kuwanyoza. Ntchentche ikatera pamenepo inkakadzidzimukira ku Honduras. Chaka china mthunzi wa nsanja ya tchalitchi unagwera pamtengopo, unaterereka mpaka kumtsinje, tinakautola Lolemba uli wonyowa. Alamu ankasakaniza mafuta a pa impso ndi sopo wakuda ndi kanthu kena kamene ngakhale Fidelina sanauzidwepo. Ulemu wawo unali pa chinthu chimodzi: kukwera kumayamba 2 koloko, ndipo palibe ankakhudza thumba belu la 5 koloko lisanalire. Maola atatu amenewo ndiwo chikondwerero chenichenicho. Oimba malipenga amaimba, amuna amagwa, akazi awo amawaseka, ndipo anthu oseka samachedwa kumva njala. Fidelina ndi anzake amagulitsa vigorón, chinangwa chophika ndi makoko a nkhumba okazinga ndi kabichi pa tsamba la nthochi, mpaka madengu kugogoda pansi.

Tili ndi ulemu wathunso kuno. Anzathu a ku Las Pencas, tsidya la mtsinje, akabwera timawalola kuyamba ndi iwo. Mkulu wa chikondwerero amavula chipewa n'kunena kuti, "Alendo patsogolo." Iwo amathokoza. Kenako amakumbatira mtengo ndi malaya awo a Lamulungu n'kutipukutira mafuta onse okhuthala, ife tikuwaombera m'manja. Agogo awo ankapukuta, atate awo ankapukuta. Sindikudziwa ngati sazindikira kapena amangokonda kutichapira.

A Polo ndi Fidelina ali ndi mwana mmodzi yekha, mphwanga Nicanor. Anapita Kumpoto, kudziko la azungu, ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, nabwera patapita zaka zisanu ndi zinayi, atakwezedwa ndege imene sanaipemphe, ali ndi kachikwama kapulasitiki ndi nsapato zopanda zingwe. Anzake amene anapita naye limodzi anali atamangitsa nyumba za malata ofiira. Iye anabwera ndi chipsera cha mafuta otentha padzanja.

Madzulo ena tili pakhonde ndinamufunsa, monga malume ayenera kufunsira, kuti, "Tsono iwe, zaka zonsezo unkachitako chiyani? Unkawerengera azungu nyenyezi?"

Iye anaseka pang'ono. "Malume, kumene kuja ali ndi liwu limodzi lokwanira moyo wanga wonse. Kukwera mpanda mothamanga, manja ndi mawondo, agalu ali m'mbuyo, ife timati trepar. Kulimbirana ntchito pangodya ya msewu, galimoto ikaima anthu makumi atatu n'kuithamangira ngati ana pa maswiti a ubatizo, ife timati rebatiña. Kutakasa mazira m'mbale, ife timati revolver. Iwo zonsezi liwu lake ndi limodzi m'Chingerezi chawo: scramble. Ndinakwera, ndinalimbirana, kenako ndinatakasa mazira zaka zisanu ndi ziwiri m'khitchini yopanda windo."

"Ndiye kuno wabwera kudzachita manyazi katatu," ndinatero ine, "poti ife mawu tili nawo atatu."

Ndinaona ngati nthabwala yabwino, ndipo m'mawa mwake ndinakaifotokoza kometera tsitsi. Pofika Lamulungu tauni yonse inali kumutchula kuti Mazira. "Mazira, tawoloka malire tione!" "Mazira, Chingerezi cha nkhuku n'chiyani?" Iye ankangokweza dzanja n'kupitirira. Koma anasiya kupita kubwalo, anasiya kukhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo kumayambiriro kwa Ogasiti anauza amayi ake kuti chikondwerero chikangotha akwera basi ya Lolemba. Anati kukhala wopanda dzina kwa eni kuli bwino kusiyana ndi kukhala ndi dzina limenelo kwanu.

Chikondwerero chaka chimenecho chinagwa Loweruka. Lachisanu masana alamu ananditumizira uthenga kuti ndipite kuseri kwa nyumba yawo. Mtengo unali utagonekedwa pa mafoloko atatu a mitengo ya mphanda, woyera ngati mwendo wa sisitere, ndipo pamoto panali miphika iwiri m'malo mwa umodzi. Wina unali wa mafuta aja a masiku onse. Winawo unkabwata zoyera, zonanda.

"Alamu," ndinatero, "kodi mwayamba ganyu yochapa malaya a ansembe? Ili si phala la chinangwa loumitsira makolala ili?"

"Tsitsani mawu, a Casimiro. Gwirani mthiko."

"Ndigwire mthiko ndisanamve mlandu wake?"

Anayang'ana kukhomo lakukhitchini, kenako anandiyandikira mpaka agalu awiri anayamba kundinunkhiza inenso. Anati kuchokera pansi mpaka pamene pamafika mutu wa munthu wachinayi apaka mafuta enieni. Kuchokera pamenepo kupita kunsonga apaka phala, n'kulinyezimiritsa ndi kansalu ka mafuta kuti maso asazindikire. Dzuwa likaliwomba liuma, ligwira ngati khungwa. Gulu la mumsewu mwathu, limene ine ndimaliyang'anira chifukwa mawu ndili nawo ngakhale mapewa ndilibe, liike Nicanor pamwamba. Alendo ndi magulu ena agwe pansipa monga mwa nthawi zonse, ndipo cha m'ma 4 koloko mafuta apansi atapukutika, ife tiimike nsanja yathu, mwana akwere.

"Iyeyo akudziwa?"

"Akadziwa sangakwere. Inu mungomukakamiza, mukamwa mwanumo simusowa mawu." Anapukuta manja pa epuloni, ngakhale manjawo sanayerepo chibadwire. "Alamu, mwana uja wagula kale chikwama. Angofika pamwamba kamodzi kokha, anthu amuombere m'manja, amutchule dzina limene ndinamupatsa ine. Mwina akumbuka kuti ali ndi kwawo."

Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanakhuthulira phalalo nkhumba. Koma dzina la Mazira linachokera pakamwa panga, ndipo mthiko unali kale m'manja. Ndinatakasa. Ndinatakasa bwino kwambiri, popanda ndi mbulumbulu imodzi yomwe.

Kukakamiza Nicanor sikunavute monga ndinkaganizira. Ndinamuuza kuti Chepe amene amakwera pamwamba wathyoka chala, ndipo ndinapita kwa Chepe kukamuuza kuti chala chake chathyoka. Nicanor anati, "Chabwino malume, ndikagwe komaliza anthu aseke, nditsanzike bwino."

Loweruka dzuwa linatuluka ngati lalipidwa. Amuna makumi awiri anaimika mtengo ndi zingwe, makombola anaphulika, ndipo Fidelina anayala madengu asanu pansi pa mtengo wa mango, atadzuka ndi nkhuku kukazinga makoko a nkhumba ziwiri. Alamu anakhala pampando wawo wa chaka ndi chaka pafupi ndi masitepe a tchalitchi, atavala malaya oyera, manja pamimba. Mkulu wa chikondwerero anavula chipewa.

"Alendo patsogolo."

A ku Las Pencas anathokoza. Wamkulu thupi anakumbatira mtengo, wachiwiri anakwera pamapewa pake, wachitatu pamwamba pa wachiwiri. Ife tinayamba kuseka pasadakhale, poti tinkadziwa chotsatira. Koma chotsatiracho sichinabwere. Wachinayi anakwera, naima nji.

Apa mpamene ndinaona nkhope ya alamu ikusintha, ndipo inenso ndinazindikira chimene katswiri wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anaiwala. Chimene chimagwetsa nsanja ya anthu si mafuta apansi ayi. Ndi mafuta apamwamba, amene dzuwa limasungunula n'kumatsika pang'onopang'ono, kudonthera m'maso, m'khosi, pamapewa pamene mnzako waponda. Chaka chimenecho kumwamba kunalibe chodontha. Mapewa a alendo anali ouma ngati chikwama cha mphunzitsi.

Wachisanu wawo anali Remigio, telala wa ku Las Pencas, bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wowonda moti akayenda mumvula sanyowa. Amamutenga chifukwa chopepuka basi. Chaka chilichonse ntchito yake inali kukwera, kugwa, n'kukasoka mabatani a anzake. Anaponda mutu wa wachinayi, anakumbatira mtengo, anatseka maso kudikira kuterereka. Sanaterereke. Anatsegula diso limodzi. Anakoka thupi, linakwera. Anakokanso. Kenako munthu uja anayamba kuthamanga ndi manja ndi mawondo ngati buluzi amene wamva kuti mkazi wake ali ndi mlendo.

Oimba malipenga anali asanamalize nyimbo yoyamba. Wa lipenga lalikulu anasiya kuuzira mpweya uli m'masaya, ndipo ndikukuuzani, masaya amenewo sanaphwe mpaka Khirisimasi. Remigio anamasula thumba, anavala chipewa ali pamwamba pomwepo, nayamba kuponya maswiti. Maswiti anagwa pansi bwalo lili zii. Kenako a ku Las Pencas anakuwa, ana analumphira maswiti, azimayi analumphira ana, ndipo wotchi ya pansanja inkati 2 koloko yadutsa ndi mphindi zisanu ndi chimodzi.

Remigio atatsika, pachifuwa pake ndi m'mikono munali mbuu. Anadziyang'ana. Anakanda ndi chikhadabo, ananunkhiza, kenako analawa.

"Abale," anatero mofatsa, "ichi ndi chinangwa."

"Waledzera ndi chimwemwe," wina anayankha.

"Ine ndaumitsa makolala zaka makumi atatu. Ili ndi phala la chinangwa, ndipo wophika wake amadziwa ntchito. Mulibe ndi mbulumbulu yomwe."

Sindinayambe ndayamikiridwapo mowawa chotero.

Mitu yonse inatembenukira kumasitepe a tchalitchi. Alamu anali chikhalire, manja akadali pamimba, koma khosi linali litalowa m'malaya. Mkulu wa chikondwerero anapita n'kuima patsogolo pawo. "A Polo, n'chiyani chimenechi?" Ndiye kumbuyo kunachoka mawu, sindikudziwa a ndani: "Agulidwa! A ku Las Pencas awagula!" Mawuwo anayenda m'bwalo ngati moto wa m'chilimwe. "Yudasi wa makandulo!" "Anakupatsani chiyani, a Polo, mbuzi kapena buluku?" Mayi wina wogulitsa zakumwa, amene madzi ake oundana anali kusungunuka m'chidebe, anawaponyera khoko la lalanje, linawamenya pamalaya oyera aja.

Alamu sanatsegule pakamwa. Ndinawaona akuyang'ana kamodzi kokha kumene kunaima Nicanor, atavula kale malaya kudikira nthawi yake, kenako anagwetsanso maso. Anali atasankha. Kunali bwino kwa iwo kutchedwa wogulitsa tauni mpaka kumanda kusiyana ndi kunena chifukwa chenicheni pamaso pa mwana wawo. Munthu aliyense wa mutu wabwino akanaona zimenezo n'kusunga lilime.

Ine ndinakwera pa benchi.

"Mukunama nonsenu!" ndinakuwa. "Alamu anga sanagulidwe ndi munthu! Anachitira mwana wawo! Amafuna Nicanor afike pamwamba kuti musiye kumuseka, agalu inu!"

Ndinkayembekeza kuti anthu achita manyazi. Ena anachitadi. Koma bwalo likakhala chete, liwu limodzi limakwana. Wina anati, osakuwa n'komwe, "Ohoo. Ndiye Mazira amafunika kumuphikira phala kuti akwere." Kuseka kumene kunatsatira sikunali kwa chikondwerero. Kunali kwapansipansi, anthu akubisa pakamwa, ndipo kumeneko ndiye kopweteka.

Nicanor sanathawe. Anatola malaya ake, anawavala, anamanga mabatani onse mpaka lapakhosi, mmodzimmodzi, anthu akuyang'ana. Kenako anadutsa pakati pa bwalo, pafupi ndi mpando wa bambo ake, osatembenuka. Alamu anandiyang'ana ndili pa benchi paja. Sanandinyoze. Ndikanakonda akanandinyoza.

Pofika 3 koloko bwalo linali litatsala ndi agalu ndi madengu. Fidelina ananyamula vigorón wake yense kubwerera naye kunyumba, ndipo chilango chimene anatipatsa chinali chakuti tidye. Ndinadya chinangwa m'mawa, masana ndi madzulo mpaka ndinayamba kuphuka masamba m'makutu. Sanatilankhule. Ankangoika tsamba la nthochi patsogolo pathu n'kuima pomwepo, manja m'chiuno.

Lamulungu masana ndinamupeza Nicanor kuseri, atakhala pa limodzi la mafoloko aja. Ndinayamba kulankhula zambiri, monga mwa chizolowezi changa, zoti bambo ake amamukonda, zoti wolakwa ndine.

"Malume, khalani chete kamodzi m'moyo wanu." Ananena mosakwiya. "Anthu kundiseka, ndinkapirira. Ndinkati sakundidziwa. Koma bambo anga amandidziwa. Anandiyang'ana, anayang'ana mtengo, n'kuona kuti popanda phala sindingathe."

"Mtengo wa bambo ako palibe amautha, mphwanga. Ndiye ntchito yake."

"Ndiye akanandisiya ndigwe ngati wina aliyense. Ndinkafuna zomwezo basi. Kugwa limodzi ndi anzanga."

Lolemba m'mawa tinamuperekeza kokwerera basi, Fidelina kutsogolo ndi phukusi la chakudya, ine ndi chikwama, alamu kumbuyo kwenikweni ngati munthu wongodutsa njira yomweyo. Sanapite Kumpoto. Anati akayesa kuthyola khofi ku Costa Rica. Kondakitala ataponya chikwama padenga, Nicanor anakumbatira amayi ake, anandigwira ine paphewa, kenako anaima patsogolo pa bambo ake. Kuno mwana sachoka osapempha dalitso, ngakhale atakhala ndi imvi. Anavula kapu, anaweramitsa mutu.

"Dalitso, bambo."

Alamu anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Linakwera mpaka pachifuwa n'kuima. Dalaivala analiza hutala. Fidelina, amene anali asanawalankhule chiyambire Loweruka, anawagwira chigongono n'kulikankhira m'mwamba, ndipo chala chawo chinalemba mtanda pamphumi pa mwanayo, wokhota, koma mtanda ndithu. Mawu a dalitsolo sanatuluke. Basi inanyamuka.

Mphika wa chikondwerero anaupereka kwa munthu wina, amene amagwiritsa ntchito girisi wa galimoto, ndipo mtengo wake anthu amaukwera 4 koloko isanakwane. A ku Las Pencas anapachika chipewa chija mu shopu ya Remigio, ndipo tsopano tikati "Alendo patsogolo" amayankha kuti, "Mwaphika?" Alamu akupangabe makandulo. Tsiku la Kaetano Woyera amapita ku Misa yoyamba, n'kubwerera kudzera njira yakuseri kwa msika.

Nicanor amaimba foni Lamulungu lililonse masana. Amalankhula ndi amayi ake za mvula, za mitengo ya khofi, za mtsikana wina wa ku Rivas amene dzina lake likumveka kawirikawiri masiku ano. Alamu amaima pakhomo la khitchini ndi kandulo m'manja ngati akuiyeza. Pomaliza mwanayo amafunsa kuti, "Bambo alipo?" ndipo iwo amagwedeza chala mwamphamvu, Fidelina n'kunena kuti, "Ali kuseri." Papita zaka zitatu ali kuseri.

Mwezi wathawu ndinalipo. Nicanor atafunsa funso lija, Fidelina anapita pamene panaima alamu. Anangowaika foni m'dzanja n'kutuluka panja, nandikoka inenso khutu. Ndinasuzumira pawindo, poti khutu linalo linali lomasuka. Alamu anagwira foni ndi manja awiri. Kenako anatsokomola.

"Ukudya bwino kumeneko?" anafunsa.